Sakisofoni Itakana Kukwera

Mayi Zipi anakwatiwa ndi woimba sakisofoni, ndipo munthu akayerekeza kuwamvera chisoni pa nkhani imeneyi ankachoka makutu akuwawa. Dzina lakuti Zipi anawapatsa ndi makasitomala, poti pa matelala onse a mumsewu umenewo panalibe woika zipi n'kukhala bwino ngati iwo. Amiseche okha ndi amene ankati dzinalo linabwera chifukwa pakamwa pawo m'pamene pankafunika zipiyo. Eni ake ankangoseka, n'kupitiriza kuyankhula.

Chipinda chakutsogolo kwa nyumba yawo, choyang'ana kumsewu, ndimo munali makina osokera, tebulo lodulirapo nsalu ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Kuseri kwa khoma la matabwa kunali kachipinda ka amuna awo, amene tauni yonse inkawatchula kuti a Mkuwa potengera chida chawo chonyezimiracho. Dzuwa likapendeka, a Mkuwa ankalowa mmenemo, kutseka chitseko, n'kuyamba kuyeserera. Lamulo linali limodzi lokha: akamayeserera, pasapezeke wolowa, ngakhale wobweretsa tiyi. Mayi Zipi analisunga lamulolo kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zinayamba kutuluka, ndipo nyimbo zonse ankazimvera kudzera m'matabwamo phazi lili pa makina.

Koma abale, bamboyo ankaimba! Izi sikuti ankanena akazi awo okha ayi. Bandi yawo inkaimba pabwalo la hotela ina masana a Lamulungu lililonse, ndipo panali nyimbo imodzi imene a Mkuwa anaipeka okha, yopanda woimba pakamwa, imene anthu ankangoitchula kuti "ija yokwera". Inkayamba pansi, pang'onopang'ono, ngati munthu amene sakufuna kudzutsa ana. Kenako inkakwera, n'kukwera, mpaka kumapeto kwake a Mkuwa ankagwira liwu limodzi lapamwamba zedi n'kulikoka osapuma. Pamenepo operekera zakudya ankaima ndi mathileyi m'manja, ndipo ngakhale zidakwa zinkakhala chete. Mayi Zipi sankabisa, ankauza aliyense kuti mwamuna wawo ndi katswiri ndipo wina ngati iye sadzabadwanso.

Ndiye liwu limenelo ndi limene linayamba kukana. Mawu apansi ankatuluka bwinobwino monga kale, apakati chimodzimodzi, koma nyimbo ikafika kumwamba, sakisofoni inkangoti tswii ngati khoswe wopondedwa, apo ayi inkangotulutsa mpweya wokhawokha. Zinayambira kunyumba, kenako zinakachitika kuhotela. Ulendo woyamba anthu anakhala ngati sanamve. Ulendo wotsatira kamwana kena kanaseka mokweza, ndipo mayi ake pokatseka pakamwa anangowonjezera manyazi.

Kumayambiriro kwa sabata yotsatira mkulu wa bandi, mnyamata waulemu woimba kiyibodi amene a Mkuwa anamulera pa zoimba, anabwera kunyumba atanyamula thalauza yoti amufupikitsire. Thalauzayo inalibe vuto lililonse, Mayi Zipi anaona msanga. Anaisiya patebulo n'kupempha kuti alowe akawaone madala. Khoma la matabwa silisunga chinsinsi, komanso mkulu wa bandiyo ankayankhula mokweza, choncho Mayi Zipi anamva zonse. Mnyamatayo anazungulira kwambiri, za mvula, za mawondo, za mafuta a galimoto, kenako anafika pa nkhani. Eni hotela anali atadandaula. Lamulungu likubwerali liwu lija likakananso, nyimbo yokwera azidzaimaliza ndi kiyibodi, ndipo a Mkuwa azidzaima kumbuyo kumangothira mawu apansi.

A Mkuwa anayankha kuti amva, ndipo anamuthokoza chifukwa chobwera yekha. Mayi Zipi mtima unawawawa. Amuna awo ankawadziwa. Sakanakangana ndi munthu, sakanapempha chifundo, komanso sakanaima kumbuyo. Akanangopukuta sakisofoniyo, kuiika m'bokosi lake, kulowetsa bokosilo pansi pa bedi, basi nkhani yatha. Ndiyeno akanasanduka mmodzi wa madala aja okhala pakhonde kumangoyang'ana galimoto zodutsa. Thalauza ija Mayi Zipi anaifupikitsadi, mwina kupitirira pang'ono pamene inafunikira.

Kusakasaka vuto kunayamba tsiku lomwelo. Woyamba kuimbidwa mlandu anali kabango, kachidutswa kopyapyala ka bango kamene amakamangirira pamlomo wa sakisofoni, kamene kamanjenjemera munthu akauzira. A Mkuwa anati tibango tamasiku ano n'tachabechabe. Anayesa tolimba, anayesa tofewa, ena anawapala ndi lezala, n'kumawayang'ana padzuwa diso limodzi atatsinzina. Makapu a tiyi onse m'nyumbamo anadzaza tibango tonyikidwa m'madzi, moti mlendo akabwera Mayi Zipi ankayamba avuula kaye. Tibango titalephera, mlandu unagwera khosi la chidacho, ati mwina mwadzaza litsiro. Analitsuka ndi kansalu kamene anadula pa nsalu ya diresi ya kasitomala osapempha. Kenako anati ndi kabowo kakang'ono kakumtunda kamene kamatseguka munthu akadina kiyi ya chala chachikulu, kamene kamathandiza mawu kukwera. Anakatokosa ndi singano za akazi awo mpaka zingapo zinapindika. Liwu lija linakanabe.

Atatopa anaganiza zopita nayo kwa mmisiri wokonza zoimbira, mnzawo wakalekale amene anali ndi kashopu kuseri kwa sitolo ya utoto. Mayi Zipi anati nawonso apita, akufuna kukagula ulusi komweko. Ulusi anali nawo wodzaza kabati. Chimene ankaopa n'chakuti amuna awo awoloke okha msewu waukulu uja, chifukwa masiku amenewo belu la njinga likalira kumbuyo sankacheuka.

Mmisiriyo anali munthu wofatsa, wa magalasi omangidwa ndi waya. Anagoneka sakisofoni pa bulangete, n'kulowetsa kagetsi kakang'ono m'mimba mwake. Anatseka zenera, n'kumadina makiyi mmodzimmodzi kuti aone ngati kuwala kukutulukira pansi pa tizikopa totseka mabowo, poti podutsa kuwala ndi podutsanso mpweya. Panalibe. Anatenga kapepala kopyapyala, kukaika pansi pa kachikopa kalikonse, kudina, n'kukoka kuti amve ngati kagwidwa. Konsekonse kanagwidwa. Anasinthabe kachikopa kamodzi, kaya n'chifukwa cha ulemu chabe. Pomaliza anapukuta mlomo uja, kupachika lamba m'khosi, n'kuuzira yekha. Mmisiriyu pa kuimba sanali kanthu, zala zake zinkakokakoka, koma atakwera kumwamba liwu lija linatuluka loyera bwino, ndi kabango komweko ka a Mkuwa.

Mmisiri anayang'ana Mayi Zipi pamwamba pa magalasi ake, ndipo Mayi Zipi anayang'ana kumbali. Kenako anabweza chidacho ndi manja awiri, n'kunena mokuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa msewu kuti chida chili bwino achimwene, mwina ndi kutopa chabe.

Choona chake n'chakuti aliyense ankadziwa, kupatula mwini wake. Makutu a a Mkuwa anali atayamba kupita. Mawu okhuthala ankawamva, koma zinthu zolira mopyapyala, monga foni, mbalame, kapena mawu a mdzukulu, zinkawadutsa. Mayi Zipi anazindikira kalekale, wailesi itayamba kumveka mpaka kwa aneba, ndipo anangokweza mawu awo, zimene palibe anadabwa nazo poti ndi kale lomwe ankayankhula ngati ali pamsonkhano. Anzawo a m'bandi anawakwezera sipika yapafupi nawo mwakachetechete, ndipo woimba ng'oma anayamba kuwapatsa zizindikiro ndi kamtengo. Onsewa ankachita zimenezi chifukwa cha chikondi. Woimba ungamuuze kuti jekete lake latha, ungamuuze kuti mkazi wake ndi wolongolola, adzaseka. Koma za makutu, ndani angayambe?

Chokhacho chimene Mayi Zipi sankachimvetsa n'chakuti makutu akukhudzana bwanji ndi liwu lokana, popeza kuuzira n'kwa pakamwa. Yankho analipeza akuchapa. Mipango ya m'thumba ya amuna awo yonse inali ndi timadontho ta magazi. Atapita kukasuzumira sakisofoni eni ake ali kosamba, anapeza kuti pamwamba pa mlomo wake pali mabowo a mano akuya ngati pagwira galu. Anakumbukira zimene ankamva kudzera m'matabwa zaka zimene a Mkuwa ankaphunzitsa anthu. Mawu awo anali amodzimodzi tsiku ndi tsiku, mpaka mayiwa anawaloweza: osaluma, ukaluma kabango katsekeka, liwu lapamwamba salifinya, tsegula kukhosi mpweya uthamange wokha. Nanga mphunzitsi mwini wakeyo akulumiranji mpaka kudzicheka mlomo?

Masana amenewo anateleka ketulo pamoto, ija yoimba mluzu madzi akawira, n'kuswa lamulo la zaka zonse zija. Anatsegula chitseko cha kachipinda, kukoka mpando, n'kukhala. A Mkuwa anawayang'ana ngati aona mzukwa, koma Mayi Zipi anangopinda manja n'kunena kuti aimbe, iwo sachoka. Bamboyo anang'ung'udza, kenako anayamba nyimbo ija. Apa m'pamene mayiwa anaona ndi maso zimene khoma linkawabisira. Nyimbo itafika kumwamba, liwu lija linatuluka labwinobwino, lokongola ngati kale, kwa kamphindi kochepa chabe. Kenako nkhope ya a Mkuwa inachita makwinya ngati alawa chowawa, nsagwada zinalimba gwa, mitsempha ya m'khosi inatuluka, ndipo liwulo linafera pomwepo.

Anawafunsa chifukwa chake akuluma. A Mkuwa anapsa mtima. Anati akapanda kuluma liwulo likumatuluka lotsika, lakufa, ngati munthu akulira atafunda bulangete, ndiye ayenera kulikankha kuti likwere. Mayi Zipi anati ayi, likumatuluka labwino, akumalipha ndi iwowo. Bamboyo anafunsa kuti telala anayamba liti kudziwa nyimbo, kodi iwo anayamba alowapo kukawaphunzitsa kuika zipi? Nthawi imeneyo n'kuti ketulo ija ikukuwa kukhitchini moti galu wa aneba anali atayamba kuuwa.

"Bambo, tangokhalani chete pang'ono. Mukumva chiyani?"

A Mkuwa anatchera khutu. Anati akumva galu.

"Galu yekha?"

"Nanga pali chinanso?"

Mayi Zipi anawagwira dzanja n'kupita nawo kukhitchini. Ketulo inali ikunjenjemera pamoto, nthunzi ili tolotolo, mluzu wake wobaya m'mutu. A Mkuwa anaima n'kumaiyang'ana. Anasendera pafupi, anapendeketsa mutu mbali iyi, kenako mbali inayo. Atatero anaiphula okha, n'kukhala pampando wa m'khitchinimo, sakisofoni ikulendewera pachifuwa. Patapita nthawi anafunsa ngati anzawo a m'bandi akudziwa. Mayi Zipi analakalaka atanama, koma anati onse akudziwa, ndi mmisiri yemwe. Anawauzanso kuti liwu limene iwo akulimva ngati lakufa lili moyo, makutu awo ndi amene akulidula kunsonga.

Tsiku limenelo a Mkuwa sanadye. Lotsatira lake, dzuwa linapendeka koma kuseri kwa matabwa kunali chete. Mayi Zipi anasoka mkono wa malaya chagada, kuusula, n'kuusokanso chagada. Anadziimba mlandu kuti pakamwa pawo pawapweteketsa, kuti bola akanangosiya bamboyo azitukwana tibango kusiyana n'kumuthyola mtima chonchi. Kangapo konse anapita kuchipinda chogona kukasuzumira pansi pa bedi, mantha ali thoo kuti apezako bokosi.

Koma a Mkuwa sanali munthu wamba, ndipo apa m'pamene akazi awo anawadziwa bwino kuposa zaka zonse zimene anakhala nawo. M'mawa wake anavala jekete n'kupita kumene bandi inkayeserera. Zimene anakanena anadzafotokoza ndi woimba ng'oma, misozi ili m'maso. Ati anaima pakati n'kunena kuti makutu anga akupita, nonsenu mukudziwa, zikomo chifukwa chondibisira koma lekani tsopano, ndikalakwitsa muzindiuza ngati mmene ndinkakuuzirani inuyo. Ati mkulu wa bandi anawauza kuti za Lamulungu zija aziiwale. A Mkuwa anakana. Anati zimene anagwirizana zikhale choncho, iwo safuna kuima kutsogolo chifukwa cha chisoni.

Atabwerako anaima pakhomo la chipinda chosokera n'kuuza akazi awo kuti atseke makina, akawathandize. Lamulo lija analithetsa okha. Anati poti makutu awo ayamba kunama, abwereka a akazi awo. Iwo aziimba, ndipo liwu likatuluka bwino Mayi Zipi azikweza dzanja, likayamba kufa azitsitsa. Cholinga chinali choti thupi liphunzire mmene liwu labwinolo limamvekera m'mano, pachifuwa ndi kunsonga za zala, popeza sakisofoni imanjenjemera ndipo kunjenjemerako sikudzera m'khutu.

Ntchito yake inali yowawa, musamve zonama. Tangoganizani, munthu amene moyo wake wonse wakhala akukhulupirira khutu lake kuposa mawu a wina aliyense, tsopano aziimba liwu limene kwa iye likumveka lolakwika, n'kulisiya choncho osalikonza. Nsagwada zinkalimba zokha asanaziuze. Dzanja la Mayi Zipi linkakwera, n'kugwa, kukwera, n'kugwa. Nthawi zina a Mkuwa ankatsutsa kuti apa ndiye linali bwino, koma mayiwa anali atazolowera kuuza makasitomala kukula kwenikweni kwa chiuno chawo, ndiye kunama sankakudziwa. Makasitomala ankagogoda kutsogolo n'kubwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono dzanja linayamba kukhalitsa m'mwamba, mpaka phewa kuwawa.

Mayi Zipi atasangalala anati Lamulungu adzakhala kutsogolo penipeni kuti adzakweze dzanja pamenepo. A Mkuwa anakana kwamtuwagalu. Anati sangaimbe nyimbo yawo akuyang'ana dzanja la munthu ngati galimoto yodikira wapolisi wapamsewu. Kuyambira pamenepo anayamba kuimba atatsinzina, n'kumafunsa akamaliza. Nthawi zina zinkatheka, nthawi zina ayi, ndipo Loweruka zinakana kambiri kuposa mmene zinathekera. Za kuchipatala cha makutu anavomera kuti apita, koma anati Lamulungu lidutse kaye.

Lamulungu kunatentha. Pabwalo la hotela panadzaza, maambulera atatambasulidwa, ana akuthamangathamanga pa kapinga. Mayi Zipi anakhala patebulo lakutsogolo, botolo la zakumwa lili patsogolo pawo losakhudzidwa, manja onse atawapanikiza pakati pa mawondo kuopa kuti lina lingakwere lokha. Bandi inaimba nyimbo zovina, anthu anavina, kenako mkulu wa bandi anayang'ana a Mkuwa n'kugwedeza mutu. Bamboyo anabwera kutsogolo, anakonza lamba, n'kutsinzina.

Anayamba pansi, mofatsa. Mayi Zipi ankaidziwa nyimboyo ngati njira ya kunyumba, ndipo pamene inkakwera ankaitsatira liwu ndi liwu. Anaona zala za mkulu wa bandi zitaima pamwamba pa kiyibodi, zokonzeka kulanditsa. Liwu lija linafika. Linatuluka loyera. Nthawi yomweyo makwinya aja anabwera pankhope ya a Mkuwa, ndipo Mayi Zipi anadziwa kuti khutu layamba kuwanamiza, likuwauza kuti zalakwika, anthu onsewa akumva zonyansa, luma msanga. Anaona mnofu wa pansagwada ukugwedezeka. Thukuta linatsika m'masaya n'kudonthera pa kolala. Koma nsagwada sizinatseke. Bamboyo anaima pamenepo, kutsogolo kwa khamu lonselo, akukoka liwu limene kwa iwo linali loipa, analikoka, analikokabe, mpaka mkulu wa bandi anachotsa manja pa kiyibodi n'kuwaika pamutu.

Litatha, panadutsa kamphindi anthu ali phee, kenako bwalo lonse linaphulika. Ena anaimirira, ena ankamenya matebulo, woimba ng'oma anataya timitengo take. Mayi Zipi sanaombe m'manja ayi, ndipo misozi anangoileka kuti itsike, aone aone. Mumtima ankangoti mwamuna uyu ndi wanga, inu nonse mwamva liwu lokha, ine ndaona chimene walipira.

Nthawi yopuma itakwana, a Mkuwa anatsika. Anthu ankawagwira chanza, ena kuwasisita pamsana, iwo n'kumangogwedeza mutu mwaulemu osaima, mpaka anafika patebulo la akazi awo n'kukhala. Ankapumira m'mwamba. Anamwa madzi pang'ono, kenako anaweramira kwa Mayi Zipi.

"Anthuwa akuti zinali bwino, ndipo ndaona mmene aimirira. Koma kwa ine linali loipa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tandiuzani inuyo mmene linamvekera. Musathamange."

Mayi Zipi anapukuta m'maso, anakokera mpando wawo kumbali ya khutu limene linkamvako bwino, n'kuyandikitsa pakamwa. Anayambira pachiyambi penipeni. Anawauza mmene mawu apansi anayendera, pamene nyimbo inapumira, pamene inayamba kukwera, mmene mayi wina wa patebulo lapafupi anasiyira foloko m'mbale. Atafika pa liwu lija anasowa mawu oyenera, anayesa awa, anayesa awo, kenako anati linali lopyapyala koma lolimba, lowongoka, losagwedezeka n'pang'ono pomwe, ndipo kumapeto kwake silinaduke koma linangozilala lokha pang'onopang'ono mpaka munthu osadziwa pamene lathera.

A Mkuwa anali atatsinzina, mutu utapendekera kwa akazi awo, manja ali phee pa sakisofoni. Kumbuyo kwawo mkulu wa bandi anali akuwakodola kuti nthawi yopuma yatha, koma Mayi Zipi anamubweza ndi diso.

"Pamenepo," anatero a Mkuwa osatsegula maso. "Tabwerezaninso pamenepo."